Chipewa cha Amaq Senah

Montong Sepit, Lombok
9 Seputembala 2024

Okondedwa Haerul, mlongo wanga,

Usanawerenge china chilichonse, vula nsapato imodzi. Iike patebulo lako la ku Jakarta, utsegule pulogalamu yako ija yozindikira nkhope za anthu, ndipo uloze kamera pansapatoyo. Ndikudikira. Yatchula ndani? Ine nditayesa, inatchula amayi athu. Patapata wanga wodukaduka, makina ako anati ndi amayi ako okubereka, mpaka kutsimikiza ndi 88 pa 100. Ngati ukuganiza kuti ndikunama, yesa. Ngati ukuopa kuyesa, ndiye kuti zomwe ndikufuna kukuuza ukuzidziwa kale, ndipo n'chifukwa chake unanditsekera pafoni.

Kalatayi ndapatsira Sahdan, woyendetsa lole ya fodya uja, ndipo ndamuuza kuti akupatse m'manja anzako a kuntchito akuona. Pepala ulibe potsekera. Za moyo wako sindifunsa, ndakuona pa intaneti, masaya atuluka, wavala malaya a kolala. Ife kuno tilipo, ena athunthu, ena ayi.

Ndikukumbutse kumene unachokera, popeza mumzinda mumaiwala msanga. Unachokera pabenchi la kuseri kwa kashopu kanga kokonzera mafoni. Laputopu yomwe unaphunzirira ndinailumikiza ndekha kuchokera ku mitembo ya malaputopu atatu. Ine sukulu ndinasiyira panjira bambo atapita kukagwira ntchito ku minda ya ku Malaysia osabwerakonso, koma palibe amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa kutsegula foni. Ndinapsa zala mpaka ndinadziwa. Ndine ndinapeza maphunziro aulere aja pa intaneti, a kulemba mapulogalamu ndi kuphunzitsa makina, ndipo ndine ndinakukoka khutu kuti usiye kuweta mbalame za m'makola n'kukhala pansi. Tinayamba tsiku limodzi. Iwe unkathamanga ngati wolumidwa ndi mavu. Ine ndinkaimitsa kanema pa chiganizo chilichonse kuti foni indimasulire Chingerezi cha mphunzitsi uja, mayi wa magalasi. Unkandiseka.

"Achemwali, mukadali pa phunziro losiyanitsa mphaka ndi galu? Mphakayo wakalamba, ali ndi zidzukulu."

Ndinakugenda ndi sikuludiraiva, ukukumbuka, chipsera chikadali pachigongono. Sindinapepese ndipo sindipepesa lero. Koma ndinkanyada nawe, chitsiru iwe. Gawo loyamba litatha anakupatsa satifiketi, amayi n'kuipachika pafupi ndi chithunzi cha bambo. Gawo lachiwiri unati n'lotaya nthawi, n'la anthu amantha, makina ukangowaphunzitsa basi atha. Unalumpha n'kuyamba kupanga chinthu choti ukaonetse kwa olemba ntchito.

Chinthucho chinali khola la mudzi, lomwe tonse timasungamo ng'ombe pamodzi chifukwa cha akuba. Kamera pachipata ndinapachika ndine, sindibisa, ndine ndinakwera mtengo. Zithunzi zophunzitsira makina unatenga pa zomwe unajambula paukwati wa mwana wamkazi wa Haji Mustiadi, mkulu wa m'mudzi mwathu, tsiku lomwe mudzi wonse unaperekeza akwati pamsewu ndi ng'oma. Munthu aliyense unampatsa bokosi lake ndi dzina lake. Tsiku loonetsa, pachisakasa cha a Haji, amuna ankaima kutsogolo kwa kamera mmodzimmodzi, makina n'kumawatchula, iwo n'kumaseka ngati ana oona galasi koyamba. A Haji anati mwana uyu watichotsa manyazi, alonda azikagona kwa akazi awo. Mwana wawo Jumadil, uja amayenda ndi chikwanje ngakhale popita kukagula sopo, ndiye ananena kuti dzina la aliyense wolowa m'khola lizibwera pompopompo pagulu la mudzi la pafoni. Iwe unazilemba mu pulogalamu madzulo omwewo. Kenaka Jakarta anakuitana, tinakuphera nkhuku, unapita.

Tsopano imva za Lachisanu lija, osati monga unazionera pakanema, koma monga ndinazionera ine ndi maso awa.

Amuna onse anali mumzikiti. Wakubayo ankadziwa nthawi. Analowa dzuwa lili paliwombo, atavala chipewa cha alimi chosongoka chija, mutu ataweramitsa, n'kumasula ng'ombe ziwiri za a Haji. Anthu akutuluka kupemphera, akufunafuna nsapato zawo pamasitepe, mafoni onse analira kamodzi. Chithunzi cha munthu wa chipewa, ndipo pansi pake mawu ako: Amaq Senah, 97 pa 100.

Amaq Senah, bambo ake a Senah, uja ankakukweza pangolo yake uli mwana n'kumakulola kugwira zingwe za kavalo. Ngolo anagulitsa kalekale, pano amagwira maganyu. Kumzikiti kunalibe, inde, chifukwa anali paganyu yosonkhezera moto pachigafa cha fodya kumunsi kwa mudzi, ndipo iwenso ukudziwa kuti fodya akakhala m'chigafa moto sausiya, ngakhale amayi ako atamwalira. Koma ndani anaganiza zimenezo? Wina anakuwa kuti n'chifukwa chake sanabwere kudzapemphera, ndipo gulu lonse linatsetsereka, zovala zoyera za mapemphero zili m'thupi.

Ine ndinamva phokoso ndili ndi foni ya munthu yotsegula m'manja. Ndinaisiya, n'kuthamanga. Ndinapeza atamuzinga kale. Anali atanyamula chikuni, akufuna kuponya pamoto, akuwayang'ana modabwa.

"Kwagwanji, ana anga?"

"Ng'ombe zili kuti, galu iwe?" anatero Jumadil.

"Ng'ombe ziti? Ine ndili pamoto pano kuyambira kum'mawa. Funsani mwini chigafa."

Mwini chigafa anali atazemba kale kuseri kwa nthochi.

"Ukafunse kompyuta," Jumadil anatero, n'kumuwomba ndi foni yomweyo pakamwa.

Nkhuni zinali pomwepo, mulu wonse, zowazawaza bwino, zowaza yekha Amaq Senah. Aliyense anatola chake. Haerul, chikuni chikamenya mutu wa munthu sichimveka ngati m'mafilimu. Chimamveka ngati ukuswa dzungu. Anagwa chogwada, anadzukanso, akuitana anthu ndi maina awo, mmodzimmodzi, chifukwa onse ankawadziwa, ena anawanyamulapo ali makanda. Wina anamumenya m'nthiti, wina pamsana, wina yemwe analibe chikuni ankangoponda ndi chidendene. Mkulu wina wa kumzikiti anafika ali wefuwefu, akukuwa kuti lekani, tili ndi mwambo wathu, mudzi wonse umwe madzi a lumbiro, a dothi la kumanda oyera, wakuba adzadziwika. Amaq Senah, magazi ali m'kamwa, anati, "Bweretsani, ndimwa ine woyamba."

Jumadil anaseka. "Agogo, madzi anu amatope amadikira miyezi kuti wakuba atupe mimba. Kompyuta yanena lero."

Kenaka anthu awiri anamugwira Amaq Senah dzanja lamanja, n'kulikanikiza pachitseko chachitsulo cha ng'anjo kuti aulule komwe kuli ng'ombe. Fungo lake ndimalidziwa, ndimagwira ntchito ndi chitsulo chamoto, koma langa limakhala la nsonga ya chala. Ili linali la chikhatho chonse. Mmene anakuwira, agalu a mudzi wonse anayankha.

Ine umandidziwa. Ndinasolola chikuni choyaka m'ng'anjomo n'kuyamba kuzunguza. Ndinapsereza ndevu za wina, wina ndinamutentha khosi, ndinkatukwana amayi awo ndi agogo awo. Anandikoka ndi mpango wakumutu mpaka ndinagwa chagada, wina n'kundiponda pamimba. Koma mphindi zimenezo zinathandiza, chifukwa galimoto ya apolisi inatulukira, apolisiwo n'kuwombera mfuti m'mwamba. Amaq Senah anamunyamula ngati thumba lonyowa. Diso lakumanzere linali litatuluka m'malo mwake. Gulu, poona kuti lalandidwa nyama, linakwera kumtunda ndi mabotolo a petulo ogula pamsewu, ndipo dzuwa lisanapendeke nyumba ya Amaq Senah inali phulusa. Mkazi wake, Inaq Senah, anatuluka ndi mwana wawo Senah m'dzanja limodzi, mphika wa mpunga m'dzanja linalo.

Ndinakuimbira tsiku lomwelo, magazi akadali pamalaya. Mawu ako ndawasunga.

"Achemwali, 97 pa 100 si masewera. Makina alibe chidani ndi munthu. Mwina bamboyo ali ndi mbali ina yomwe simuidziwa."

Ndinakutukwana, unadula. Patapita masiku ndinaona kanema wako pa intaneti, mutu wake wakuti nzeru za makina zagwira wakuba ng'ombe kumudzi kwathu. Unaika chithunzi cha pachipata, unaika nambala yako ya 97, unaikamo ndi kanyimbo. Ng'anjo sunaikemo. Anthu ankakuwombera m'manja, bwana wako analemba pansi pake kuti kampani ikunyadira mnyamata wake. Nditalemba pansi pomwepo kuti munthuyo ali m'chipatala ndi diso limodzi, unafufuta, n'kunditsekera.

Ndinalibe umboni, ndinali ndi mkwiyo wokha, ndipo mkwiyo sutsegula foni. Ndiye ndinachita zomwe ndimachita chinthu chikandikanika: ndinakhala pansi n'kuchitsegula. Ndinalowa m'gawo lachiwiri la maphunziro, lija unati n'la amantha. Phunziro loyamba lenileni, Haerul, osati lakumapeto, loyamba, mayi wa magalasi uja akufunsa kuti makina anu amatani akaona chinthu chomwe simunawaphunzitse? Ndinaimitsa kanema, foni inandimasulira, ndinabwereza. Akuti makina otere ali ngati munthu wosankha fodya amene wapatsidwa milu yoti aziponyapo, koma sanapatsidwe dzala. Mukampatsa tsamba la nthochi, aliponyabe pa mulu wina, ndipo aliponya motsimikiza. Nambala ija sikutanthauza kuti makina akunena zoona. Ikungotanthauza kuti mwa mabokosi omwe alipo, ili ndiye layandikirako. Iwe unapanga bokosi la munthu aliyense wa m'mudzi muno. Bokosi lakuti sindikumudziwa sunapange. Wakuba wochokera kutsidya kwa phiri akalowa, makina ako ayenera kumupatsa dzina la mmodzi wa ife, afune asafune.

Pulogalamu yako ndi zithunzi zake unazisiya pa laputopu yanga, ndiye apo m'pamene ndinayesa patapata. Ndinayesa ketulo, inakhala mphunzitsi wa kusukulu ya pulaimale. Ndikanaseka pakanapanda fungo lija m'mphuno.

Koma chinandivutabe n'chakuti bwanji Amaq Senah, ndipo bwanji 97? Ndinatsegula mabokosi ako limodzilimodzi. Amuna onse paukwati paja anali atamanga nsalu zakumutu za mwambo, nkhope zili poyera, akumwetulira kamera. Munthu mmodzi yekha sanavale za ukwati, chifukwa sanabwere ngati mlendo, anabwera kudzasenza madzi ndi nkhuni za ophika. M'bokosi la Amaq Senah zithunzi zonse ndi za munthu wowerama ndi katundu, chipewa chosongoka chitaphimba nkhope, pansi pake mthunzi wokhawokha. Makina ako sanaionepo nkhope ya Amaq Senah. Anaphunzira chipewa. Chipewa chomwe theka la chilumba chino limavala popita kumunda, chogulitsidwa pamsika uliwonse. Unaika maina pazithunzizo ndi dzanja lako, ukumwa khofi wanga, ndipo sunaone.

Ndinanyamula laputopu, chipewa cha kumsika ndi kokonati, ulendo kwa a Haji. Ndinapeza amuna ali pachisakasa, akusuta, akukambirana za ng'ombe zomwe mpaka lero sizinapezeke. Jumadil anandiona ndili patali.

"Taonani, Mahnim wamafoni uyo. Wabwera ndi kokonati, kodi wapeza mwamuna tsopano?"

Anaseka onse. Wina anawonjezera kuti batire la mwamuna wanga woyamba ndinalephera kulikonza, ndiye ndikonza za mudzi?

"Batire lake linali lakufa ngati mutu wakowo," ndinatero. "Sendera uko, ndiike katundu."

Ndinaika kokonati pamkeka, ndinamuveka chipewa, ndinaloza kamera. Ndinatembenuzira laputopu kwa a Haji kuti awerenge okha. Anawerenga mokweza asanaganize: Amaq Senah, 94.

"Wachita matsenga," anatero Jumadil. "Wakonzeratu kunyumba kuti kokonati azituluka choncho."

"Chabwino," ndinatero. Ndinatenga chipewa n'kumuvundikira nacho iye mwini kumutu, mwamphamvu, mpaka chinafika m'maso, n'kuloza kamera. Amaq Senah, 96. Munthu wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

Pamenepo munthu wanzeru akanakhala chete kuti nkhani ilowe yokha m'mitu. Ine ndinaimirira n'kukuwa, "Wakuba uyo! Mgwireni! Makina amutchula! Kodi nkhuni zatha? Ng'anjo yazima? Bwerani nalo dzanja lake!"

Chikwanje ndinachiona chikukwera. Sanalinge ine, analinga laputopu, koma dzanja langa linafika kaye, chifukwa laputopuyo ndiye mwana yekhayo amene ndili naye. Mwayi wake anamenya ndi kumsana kwa chikwanje. Zala ziwiri za kumanzere zinathyoka, galasi linasweka pansi pake, anamenyanso kawiri mpaka mabatani anauluka ngati chimanga chokazinga. Ine ndi dzanja lotsalalo ndinatola kokonati n'kumuphwanya nayo pakamwa. Mano awiri analavulira pamkeka wa bambo ake. Anandigwira tsitsi, ndinamuluma pamkono mpaka ndinamva mchere, anthu n'kutilekanitsa, wina akundimenya mbama, wina akundikokera kunja. Za zalazi amayi ndinawauza kuti ndinagwa panjinga yamoto. Anangoyang'ana tsitsi langa lozulidwa, sanafunse.

A Haji ataletsa phokoso, ananena mawu omwe andichititsa kulemba kalatayi. Sanakuwe, analankhula mofatsa ngati akuwerenga pemphero.

"Makinawa anapanga ndi Haerul, wa satifiketi, amene Jakarta anamutenga. Mkazi uyu wawawononga ndi nsanje chifukwa mlongo wake wamng'ono wamuposa. Akanakhala olakwika, mwini wake akanatiuza. M'malo mwake watiika pa intaneti kuti dziko litione."

Onse anagwedeza mitu. Ndipo usaganize kuti ndi opusa. Anaona kokonati, anaona Jumadil. Koma makina akakhala olakwa, ndiye kuti iwo ndi anthu omwe anatuluka mumzikiti n'kukawotcha dzanja la munthu wosalakwa, n'kutentha nyumba ya mwana. Ndani akufuna kudzuka m'mawa ali munthu wotero? Akufunika kuti Amaq Senah akhale wakuba, ndipo wawagwirira chitseko ndiwe. Bola iwe uli chete, iwo ndi ngwazi.

Ku chipatala kwa Amaq Senah ndimapita ndikapeza wondikweza. Apolisi anamumasula unyolo womwe anamumangirira kubedi, akuti palibe ng'ombe, palibe mlandu, koma sanamange aliyense mwa omenya, akuti zimenezo mukakambirane monga mudzi. Dzanja lake lili m'nsalu ngati mwana wakhanda, dokotala akuti zala sizidzatambasukanso. Nthiti zikumuvuta popuma. Nditamufotokozera za chipewa, anaseka, kuseka kopweteka, atagwira pachifuwa.

"Ndiye anandimenyera chipewa, mwanangu? Chomwe ndinagula chotchipa chija? Akanangochitenga."

Ndinamuuza kuti akatuluka apite kwa achibale a mkazi wake kum'mawa kwa chilumba. Anakana.

"Ndikathawa ndiye kuti ndaba. Senah azidzatchedwa mwana wa wakuba mpaka kumanda. Bambo anga agona ku Montong Sepit, inenso ndikagona komweko. Ndikapemphera Lachisanu pamzere womwe ndimaima, ndipo ndikapempha madzi a lumbiro ndimwe onse akuona."

"Akakuphani, bambo."

"Akatero akandiika pafupi. Sakavutika kunyamula."

Akutulutsidwa Lachinayi la sabata yamawa. Jumadil, ndi mpata wake wa mano, walumbira pamsika anthu akumva kuti wakubayo akadzangoponda masitepe a mzikiti, adzamaliza zomwe apolisi anasokoneza. Anyamata ake akunola zikwanje poyera, pamwala wa pachitsime, amayi akutunga madzi. Sakunama. Ndinawaona maso awo pachigafa paja.

Pali china chomwe sindinafune kukuuza, koma papepala pakadali malo. Inaq Senah ndi mwana ali kwathu. Palibe nyumba ina yomwe inawatsegulira, ngakhale achibale awo enieni anaopa moto. Ndinawalowetsa kudzera kushopu, ndipo akugona m'chipinda chako, pabedi lako, pansi pa zithunzi zako za mpira. Tinawabisa masiku angapo, koma mwana amatsokomola ndipo makoma athu ukuwadziwa. Tsopano miyala imagwa padenga nthawi ya chakudya. Dzana potsegula chitseko m'mawa ndinapeza botolo la petulo lili chiimire pakhonde, lodzaza, bokosi la machesi lili pambali pake, ataziika bwinobwino ngati mphatso. Petuloyo ndinathira m'njinga yamoto ya Sahdan. Machesi tikuphikira.

Ntchito yaima. Foni imafuna manja awiri, lina logwira, lina lowotcherera, ndipo makasitomala ambiri anabwera kudzatenga mafoni awo osakonza, osandiyang'ana kumaso. Sindikukupempha kanthu pa zimenezo. Ukatumiza kalikonse m'malo mobwera wekha, ndidzakubwezera ndi lole yomweyo.

Ndikudziwa chomwe ukuopa. Anakulemba ntchito chifukwa cha khola lathu, ndipo ukanena kuti makinawo amatcha kokonati munthu, bwana wako adzakuonetsa chitseko. Mwina adzaterodi. Sindikunamiza kuti adzakuyamikira chifukwa cha chilungamo, ine mabwana sindiwadziwa ndipo sindinamvepo wabwino. Udzabwerera pabenchi paja, anzako akuseka, ndipo tidzayamba gawo lachiwiri pa laputopu ina yomwe ndidzalumikize zala zikapola. Kulakwitsa pulogalamu si tchimo, ine ndaphapo mafoni a anthu osawerengeka ndisanadziwe ntchito. Koma foni ikafa m'manja mwanga, ndimamuyang'ana mwini wake kumaso n'kunena kuti ndapha ndine. Sindiika kanyimbo.

Landira moni wa kunyumba. Amayi akupereka moni. Akuti kodi ukudya, kodi kumeneko tsabola amaluma ngati wathu? Nkhani ya makina sindinawafotokozere, koma amaphikira Inaq Senah, amapesa mwana tsitsi, ndipo anasiya kuuza anzawo a kumsika za mwana wawo wa ku Jakarta. Satifiketi yako ikadali pakhoma, koma fumbi sakuipukutanso. Inaq Senah ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anapitiriza kupeta mpunga. Senah akufunsa ngati angagwiritse ntchito mapensulo omwe wapeza m'kabati yako, ndamuuza kuti atenge onse.

Amaq Senah akupereka moni wambiri. Iye sakudziwa za kanema wako, ndipo sindinathe kumuuza. Akuti usadandaule, ukulimbikire ntchito, mwana wa m'mudzi akakwera tonse takwera. Akupempha chinthu chimodzi chokha. Akuti ukadzabwera pa tchuthi udzamujambulenso, atavula chipewa, ataima bwino padzuwa, kuti makinawo amudziwe nkhope, asadzavutitsenso anthu. M'chipindamo mulibe galasi, Haerul. Sanadzione.

Ndiye imva. Kanema uja umuchotse lero, usanadye. Upemphe tchuthi kapena usapemphe, ukwere chilichonse choyenda, ufike kuno lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Ubwere ndi laputopu yako, poti yanga anaswa. Mapemphero akatha, anthu asanavale nsapato, udzaime pamasitepe pomwe mafoni analirira, udzavale chipewacho iwe mwini, uloze kamera pankhope yako, a Haji awerenge mokweza dzina lomwe lituluke. Kenaka udzanene ndi pakamwa pako, m'chilankhulo chathu, osati Chingerezi cha kuntchito, kuti munthu uyu sanabe, ndinalakwitsa ndine, ndipo amene akufuna kukweza chikwanje ayambe ndi ine. Ine ndidzaima pambali pa Amaq Senah tsiku limenelo, ubwere usabwere, ndipo ndili ndi dzanja limodzi lokha lomutetezera. Dzina la munthuyu unalichotsa ndiwe. Bwera udzalibweze.

Ndine mlongo wako,
Mahnim